Kea ndi wochenjera inde, koma amene mukumupatsa chipisi mukumuphetsa

Pali kavidiyo kena kamene kakhala kakuzungulira pa intaneti kuyambira 2016, mwina ena munakaonapo kale. Kanajambulidwa ndi kamera ya pamsewu ku New Zealand, pakhomo pa Homer Tunnel, pamene msewu wopita ku Milford Sound umaboola phiri. Anthu ogwira ntchito pamsewupo ankati akandandalika makoni awo bwinobwino, pobwera akupeza asunthidwa, ena ali pakati pa msewu, nde kumafunsana kuti akuchita zimenezi ndani kuphiri kopanda mudzi ngati kuno. Kuyang'ana pa kamera, eee, kani ndi mbalame. Chimbalame chobiriwira mothimbirira chikugwira koni ndi mlomo nkumaiguza ngati mwana akuguza thumba la chimanga lomulemera, kuisiya pomwe chafuna, basi nkumayendayenda ngati palibe chachitika. Ena amati zimachita dala kuti magalimoto aime anthu aziponyere chakudya, ena amati ndi masewera chabe. Ine ulendo woyamba ndinaseka mpaka misozi, ndinatumiziranso anthu angapo. Pano ndikakaona sindisekanso ngati kale.

Mbalameyi dzina lake ndi kea. Ndi mtundu wa chinkhwe, koma iwalani zinkhwe za kumalo otentha zimene mumaona pa TV zikulankhula mu kheji. Uyu kwawo ndi ku South Island basi, chilumba cha kummwera cha New Zealand, makamaka m'mapiri a Southern Alps komwe sinowo imagwa mpaka kutseka misewu, ndipo padziko lonse palibenso chinkhwe china chokhala kumapiri ozizira chonchi. Kutalika pafupifupi masentimita 48, kulemera kwake cha mma kilogalamu imodzi kapena kuchepera pang'ono, tingoti ngati msoti wa nkhuku yachikuda. Akakhala pansi saoneka bwino kwenikweni, nthenga zake zili ngati yunifolomu ya asilikali yochapidwachapidwa, koma angotambasula mapiko, kunsi kwake psuu ngati moto. Dzinalo anamupatsa ndi a Māori, eni nthaka a ku New Zealand, potengera kulira kwake, keee-aa, ndipo kwa a Ngāi Tahu, fuko lalikulu la a Māori pachilumbachi, ndi imodzi mwa mbalame zimene amaziwerengera ngati chuma cha makolo, iwo amati taonga.

Ukaimika galimoto pa Arthur's Pass kapena malo ena kumapiriko umalandira alendo osaitanidwa. Amatera padenga, zikhadabo kwee kwee pa penti, kutsetsereka pagalasi lakutsogolo, kenako mlomo wake uja wautali wopindika ngati chikwakwa amaulowetsa pa labala wa m'mbali mwa windo nkuyamba kusenda mwachifatse ngati munthu akusenda nzimbe pakhonde, ukamuthamangitsa amangodumphira mbali inayo nkupitiriza. Ma waipa, eriyo, chishalo cha njinga, zingwe za nsapato zimene wasiya panja pa tenti, zipi ya chikwama, chilichonse chimene chingakokeke. Mu 2009 ku Fiordland kea wina anatenga pasipoti ya mlendo wochokera ku Scotland nkuthawa nayo, tangoganizani kukafotokoza zimenezo ku embase kkkk. Anthu akumeneko amamukonda komanso amatopa naye. Anakhalapo kumbuyo kwa ndalama yawo ya pepala ya madola 10 kuyambira 1967 mpaka kumayambiriro kwa ma 1990, ndipo mu 2017 anamuvotera kukhala mbalame ya chaka pa mpikisano umene bungwe la Forest & Bird limachititsa.

Za nzeru zake sizongokamba za anthu okonda ziweto ayi. Mu 2020 Amalia Bastos ndi Alex Taylor a ku yunivesite ya Auckland anatulutsa kafukufuku amene anachita ndi ma kea 6 a ku Willowbank Wildlife Reserve ku Christchurch. Anawaphunzitsa kaye kuti katabwa kakuda ukakapereka kwa munthu umalandira chakudya, ka olenji sulandira kanthu. Kenako kuika mabotolo awiri oonekera mkati, lina timatabwa takuda tambiri ta olenji tochepa, linalo mosemphana, munthu nkupisa dzanja limodzi mu botolo ili, linalo mu botolo ilo, kutulutsa atafumbata, kea asankhe dzanja. Ankasankha dzanja lochokera komwe mwayi wa kakuda ndi waukulu. Mungati aaa amangoona komwe takuda tachuluka, koma ofufuzawo anaganizanso zomwezo, anasintha kuti botolo lina likhale ndi takuda tambiri ndithu koma tomira mu ta olenji tochuluka kuposa, ma kea sanapusitsike, ankayang'ana kuti takuda ndi tochuluka bwanji poyerekeza ndi tinzake. Anaika kachotchinga pakati pa botolo kuti dzanja lizingofika ta pamwamba, ma kea anayamba kuwerengera ta pamwamba tokhato. Chimene chinandimaliza ine ndi chomaliza. Panali anthu awiri, wina wopisa dzanja akuyang'ana kumbali, wina wokonda kusuzumira mu botolo nkumasankha kakuda dala, ma kea anamudziwa wokondera uja nkumapita kwa iye. Luso lotere linali lisanaonekepo mwa nyama ina kupatula anthu ndi anyani akuluakulu ngati chimpanzi. Anzanga obetcha mpira, mbalame ikukuposani masamu, pepani.

Komweko ku Willowbank kuli wina dzina lake Bruce. Anamutola ali mwanapiye wamkulu ku Arthur's Pass mu 2013 alibe mlomo wapamwamba, akuti mwina unaduka pa msampha. Chinkhwe chopanda mlomo wapamwamba chili ngati mlimi wopanda mpini, sichingathe ngakhale kudzikonza nthenga. Bruce anadzipezera yekha njira, amasankha kamwala ka saizi yake, kukapana pakati pa lilime ndi mlomo wapansi, nkumapesa nako nthenga. Atamuonetsetsa anapeza kuti akatola kamwala, nthawi zoposa 9 pa 10 zilizonse ndi kuti adzipese, kakagwa amakatolanso kapena kusaka kena, ndipo anzake a milomo yonse sachita zimenezi, nde sanaonere kwa wina. Kafukufuku wina wa 2017 wa Raoul Schwing ndi anzake anapeza kuti ma kea ali ndi kaliridwe kena ka pamasewera, ukakaliza pa sipika kutchire amene akumva amangoyamba kusewera, kugwetsana, kuponya tinthu m'mwamba, kuchita mapidigoli mlengalenga, ngati mmene kuseka kumapatsirana pakati pa anthu.

Nde apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Tikaona zonsezi timati chinthu chochenjera chonchi sichingathe, chidziwa chochita, chili ngati khwangwala, olo utamuthira machaka mawa umupeza ali pa bini. Koma ma kea otsala kutchire akuti ndi pakati pa 3,000 ndi 7,000 basi, ndipo mu 2017, chaka chomwe ankamuvotera chija, bungwe la IUCN, loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse, linamuika mgulu la zamoyo zimene zili pachiopsezo chotheratu. Amaoneka ambiri chifukwa amabwera komwe kuli anthu, omwewomwewo tsiku ndi tsiku pamalo oimika magalimoto, kujambulidwa ndi mafoni mazanamazana, pomwe zigwa zina zimene kale kunkamveka keee-aa pano kuli zii.

Ine mmene ndikuonera, kuchenjera kwa kea ndi komwe kwasanduka msampha wake. Kumapiri kuja chakudya ndi chosowa komanso chosinthasintha, lero mizu, mawa timabulosi, mkuja mphutsi za pansi pa mwala kapena nyama yofa yokha, nde mbalame imene inapulumuka zaka zonsezi ndi imene imalawa chilichonse, kutembenuza chilichonse, osaopa chachilendo. Ndipo kunalibe chifukwa choopera kwambiri, New Zealand anthu asanafike kunalibe nyama zoyamwitsa za pamtunda kupatula mileme. Khalidwe limeneli linali labwino m'dziko lakalelo. M'dziko la misomali, chokoleti, mapulasitiki ndi magalimoto, ndi zija akuluakulu amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, kungoti apa mtengowo tinaudula ndife.

Tiyambe ndi nkhosa, chifukwa nkhani yake siyophweka ngati mmene okonda mbalame amaikambira. Azungu atakweza nkhosa zawo kumapiri, cha mma 1860 alimi anayamba kupeza zina zili ndi mabala pamsana, cha pa impso. Anati ndi kea. Anthu anakangana zaka zoposa 100, ena akuti alimi akunamizira mbalame, mpaka mu 1992 kamera yojambula usiku inaonetsa poyera kea atatera pamsana pa nkhosa yamoyo, akuzula ubweya nkumajompha kufuna mafuta. Nde alimi sankanama. Nkhosa ina imafa bala likalowa matenda, ndipo munthu amene wawetapo chiweto akudziwa mmene mtima umawawira kuchipeza m'mawa chili chomwecho. Ine mlimi ameneyo sindimuweruza pokwiya. Chimene sindigwirizana nacho ndi yankho lake. Panaikidwa mphotho, ukapha kea nkubweretsa mlomo ngati umboni umalandira ndalama, ndipo pofika 1970 ma kea oposa 150,000 anali ataphedwa. Werengani nambala imeneyo kenako muyang'anenso 3,000 mpaka 7,000 ija. Si ma kea onse amene amajompha nkhosa, ndi ena chabe amene anaphunzira, koma mphotho siifunsa kuti wolakwa ndani, imangowerenga milomo, ndipo pakakhala ndalama munthu amakasaka ngakhale kutali komwe kulibe nkhosa. Chitetezo chonse cha lamulo kea anachipeza mu 1986. Lero pansi pa Wildlife Act ya 1953 ukapha kea utha kulipira mpaka madola 100,000 a ku New Zealand kapena kukhala mndende zaka ziwiri, komabe nthawi ndi nthawi amapezeka ena ataomberedwa.

Mfuti zitachepa, zinatsala ndi imfa zachete. Nyumba zakale za kumapiriko, timisasa togona okwera mapiri, mashedi ometera nkhosa, malata ake ankakhomera ndi misomali ya mitu ya mtovu, komanso polumikizira denga ankaika mtovu. Mtovu ndi wofewa ndipo akuti umatsekemera, nde kea amakhala padenga nkumatafuna ngati chingamu. Ku Aoraki/Mount Cook atayeza magazi a ma kea 38, onse anapezeka ndi mtovu, 26 mwa iwo wochuluka moopsa. Mtovu umaononga ubongo ndi mitsempha, ndiye kuti chinthu chomwe timachitama chija, nzeru, ndi chimene chimayamba kuonongeka, mbalame kumasanza, kuonda, kuchita dzanzi, mwina nkugundidwa ndi galimoto imene ikanaizemba. Kwina komweko kea wina anapezeka atafa, kumung'amba anapeza chokoleti chakuda chimene anatola. Chokoleti abale.

Koma wakupha wamkulu ndi wa miyendo inayi. Kea ngakhale amauluka mpaka pamwamba pa mapiri, chisa amaika pansi, mdzenje pakati pa mizu ya mitengo ya m'nkhalango za kumeneko yotchedwa beech kapena pansi pa miyala. Mayi amafungatira mazira milungu itatu ndi kanthu, anapiye nkukhala mchisa pafupifupi miyezi itatu, nde muphatikize, miyezi inayi banja lonse lili pansi pakhomo potsegula. Mma 1880 azungu anabweretsa stoat, kanyama kooneka ngati likongwe, kuti kadzathane ndi akalulu amene iwo omwe anabweretsa, akatswiri a mbalame a nthawi imeneyo anachenjeza koma sanamvedwe. Possum, kanyama kaubweya kokwera m'mitengo, anachokera ku Australia kuti azipeza ubweya wogulitsa. Onjezani amphaka olowerera kutchire. Pakapita zaka zingapo mitengo ya beech imabereka nthangala zambirimbiri nthawi imodzi, mbewa ndi makoswe kuswana kosati masewera, ma stoat nawo kuchuluka, nthangala zikatha onsewo njala amakaithetsera pa mbalame. Stoat amalowa mdzenje, mazira, anapiye, nthawi zina ndi mayi yemwe. Apa masamu a mabotolo aja sathandiza kanthu.

Tsono ndifike pomwe ndikudziwa kuti ena mundinena. Boma la New Zealand kudzera mu Department of Conservation, amangoti DOC, limamwaza poizoni wotchedwa 1080 ndi helikopita m'nkhalango kuti aphe makoswe ndi ma possum, ma stoat nawo amafa akadya makoswe akufawo. Ndi timibulu ta phala louma topakidwa utoto wobiriwira, tonunkhira sinamoni. Ife kuno tikangomva poizoni maganizo amathamangira ku tameki ndi agalu a aneba, kapena ku Liwonde komwe tizinkhwe tating'ono ta Lilian's lovebird timafa tikamwa pa zithaphwi zimene opha nyama mozemba athiramo mankhwala, nde mtima umakana nthawi yomweyo. Ine naye poyamba ndinati ndi misala imeneyi, mbalame imene imalawa chilichonse inu nkumaigwetsera nyambo ya poizoni kuchokera kumwamba? Ndipo zoona ma kea ena amafa nayo, palibe chobisa. Mu 2020 ku chigwa cha Matukituki, mwa ma kea 12 amene anawaveka tizida towalondolera, 6 anafa poizoni atamwazidwa. Theka. Amene amadana ndi 1080 akakwiya ndi zimenezo ndimawamvetsa, komanso ali ndi madandaulo ena omveka, agalu amafa nayo mosavuta, alenje amadandaula za agwape awo, ndipo imfa yake siyabwino kuiona olo pa khoswe.

Komabe ine ndili mbali yoti asasiye, ndipo chifukwa changa ndi chakuti imfa ya poizoni imaoneka pomwe imfa ya mdzenje siioneka. Kea akafa ndi 1080 pali mtembo, pali chithunzi, pali mkwiyo pa Facebook. Chisa chikadyedwa ndi stoat usiku pansi pa mizu, palibe amajambula, chaka chimangodutsa opanda ana, china nkudutsanso, kenako chigwa chili zii anthu nkumadabwa kuti anapita kuti. Kafukufuku amene anachitika cha ku Okarito kugombe la kumadzulo anaonetsa kuti komwe anamwaza 1080 zisa zopulumuka zinakwera kuchoka pa zosakwana theka kufika poposa 8 pa 10 zilizonse, pomwe komwe sanamwaze zinkangotha. Ndipo ataphatikiza maulendo ambiri omwaza, mwa ma kea 222 olondoleredwa amene anafa anali 24. Ndi ambiri ndithu kwa mbalame yochepa chonchi, sindikupeputsa ayi, koma muike pa sikelo ndi anapiye amene amauluka chifukwa stoat kulibe.

Nde mvetserani apa, chifukwa ndi pomwe chipisi chija chikulowera. Ofufuza omwewo anaona kuti imfazo sizinagawike mofanana. Ma kea a kutali kwenikweni, osazolowera anthu, ndi ochepa chabe amene ankafa ndi timibulu tija. Amene ankafa kwambiri ndi a pafupi ndi malo komwe amatolatola zakudya za anthu, midzi ya kumapiri, malo oimika magalimoto, malo otsetsereka pa sinowo. Ndiye kuti mlendo uja wotambasula dzanja ndi kachidutswa ka bisiketi kuti ajambule selefi yabwino akuphunzitsa mbalame phunziro limodzi, loti chinthu chachilendo chooneka ngati chopangidwa ndi anthu ndi chakudya. Ndipo kea akaphunzira saiwala, amaonetsanso anzake. Mawa helikopita ikadutsa iye amati zafika. Mlendo uja nthawi imeneyo ali kwawo kale akuwerenga ma laiki, mwinanso ndi yemwe akulemba mokwiya kuti boma likupha mbalame.

Nchifukwa chake ine ndimati mdani wa kea wa masiku ano amene tingamugonjetse mosavuta ndi wachikondi uja. Stoat ndi wovuta, mtovu umafuna makwerero ndi ndalama, koma kusapatsa mbalame chakudya sikulira olo tambala. Zikwangwani zilipo mbwee, zolembedwa kuti osadyetsa kea, anthu amaziwerenga nkujambula pomwepo akudyetsa. Kudyetsako sikungothera pa poizoni ayi. Kea wakhuta chipisi mu mphindi zisanu ali ndi tsiku lonse lopanda ntchito, pomwe kutchire akanatha maola akukumba mizu, nde nthawi yotsalayo amakaithera padenga la mtovu, pa waipa ya galimoto yanu, pakati pa msewu. Amene amazolowera kwambiri ndi ana, chifukwa ana a kea amayenda mmagulu ngati anyamata a pa sitolo, ndipo mwana wophunzira kupempha pamsewu sakuphunzira kusaka. Kenako anthu omwewo timati mbalameyi ndi yowononga.

Ena amati bwanji osangotchera misampha mmalo mwa poizoni. Misampha ilipo yambiri ndipo imathandiza pomwe munthu angafike, koma muone kaye dziko lake. Fiordland National Park yokha ndi yoposa masikweya kilomita 12,000, zigwa zakuya, maphompho, mvula yosatha, malo ena munthu sangapondeko olo atalipidwa bwanji, ndipo msampha umafuna woukonzanso ukafwamphuka. Komanso kea mwini wake sathandiza kkkk. Ku mapiri a Murchison komwe anatchera mabokosi a misampha ya stoat poteteza mbalame ina yotchedwa takahē, ogwira ntchito ankapeza misampha itafwamphuka mkati muli timitengo. Ataika makamera anapeza ndi kea, amatola kamtengo, kukasongola ndi mlomo, kukalowetsa pa kabowo mpaka msampha phwaa. Ndiye kuti mukumutchera mdani wake, iye akubwera pambuyo kumafwamphula. Ine ndikamaganiza zimenezi ndimaseka komanso ndimamva chisoni ndi munthu amene wayenda tsiku lathunthu kukwera phiri kukapeza bokosi lililonse lili ndi kamtengo.

Sindikunena kuti DOC azingomwaza paliponse mwachisawawa nkumati masamu akutikomera. Za ku Matukituki zija zinali zowawa ndipo zikuyenera kuwasowetsa tulo. Komwe ma kea anazolowera anthu pakufunika kusamala kwapadera, ndipo ntchito imene akhala akuyesa, yothira mankhwala onyansitsa mu nyambo komanso kuphunzitsa ma kea kudana ndi timibulu powapatsa kaye tabodza towachititsa nseru, ndi yofunika kuithira ndalama zenizeni osati zotsala. Mbalame imene imatha kudziwa munthu wokondera pa botolo ingathenso kuphunzira kuti chobiriwira chonunkhira sinamoni ndi choipa. Za pulani yaikulu ija ya Predator Free 2050 imene boma linalengeza mu 2016, yoti pofika chaka chimenecho makoswe, ma stoat ndi ma possum akhale atatheratu mdziko lonse, ine kukhulupirira kwanga ndi kochepa, ndale zimakonda zaka zakutali chifukwa wolonjeza sadzakhalapo pofunsidwa. Bola akanayamba ndi kuonetsetsa kuti chaka chilichonse chimene beech wabereka kwambiri ndalama zotetezera zisa zilipo kale.

Mlimi uja nayenso tisamutaye. Lamulo lokha silisunga mbalame ngati munthu wokhala nayo pafupi akuona kuti iye ndi amene akulipira. Wa mtauni ku Auckland kuvotera kea pa foni nkosavuta, sanatayepo nkhosa, sanapezepo mawaya a makina ake odulira mitengo atazomoledwa. Bungwe la Kea Conservation Trust, limene linayamba mu 2006, mbali ina ya ntchito yake ndi imeneyi, kupita kwa anthu amene akuvutana ndi kea nkuthandizana nawo kupeza njira asanatenge mfuti, komanso kuyeza magazi a mbalame ndi kuchotsa mtovu pamadenga. Ntchito ya padengayo ndi yotopetsa, munthu kukwera ndi chozulira, kuzula msomali umodziumodzi, kuuponya mu ndowa kuti usagwere pansi kea nkuutola, kumanga sikuluwu yachitsulo mmalo mwake, denga likatha kupita lina. Vidiyo ya zimenezo sindinaionepo ikuzungulira mmagulupu.

Ku Homer Tunnel kuja pambuyo pa nkhani ya makoni anawamangira ma kea malo osewerera chapatali ndi msewu, ngati ka jimu, ka makwerero, tozungulira ndi tolendewera, kuti mwina asiye misewu. Maganizo abwino, koma pakhomo pa tanelo paja nyengo ya alendo pamakhala maloboti, magalimoto amaima mzere kudikira, mawindo amatsika, nde jimu ipikisana bwanji ndi paketi ya chipisi. Sabata yatha m'bale wanga wina wanditumiziranso kavidiyo kena, kea ataima pa galasi la m'mbali akulandira chakudya m'manja mwa munthu, anthu mgalimoto akukuwa ndi chimwemwe. Ndinamulembera zonsezi, za mtovu, za timibulu tobiriwira, za 6 mwa 12 aja, meseji yaitali ngati kalata ya kumudzi. Anandiyankha kuti aaa achimwene inunso, mbalame yochenjera chonchija singafe ndi bisiketi, kenako anakatumiza mu gulupu ya banja.